Zolemba za ntchito yosamutsa disiki ya 4 TB kuchoka mu NAS yakale kupita mu yatsopano

Tsiku loyamba

Bokosi langa lakale losungira mafayilo pa netiweki, lija ambiri amalitcha NAS, linasiya kuyaka sabata yatha. Ndayesa chingwe china chamagetsi komanso adaputala ina koma palibe chimene chasintha, choncho ndavomereza kuti chafa ndi bolodi la m'kati ndipo kulikonza sikungapindule kanthu. Munali madisiki awiri a 4 TB oyalidwa mwa RAID 1, kutanthauza kuti chilichonse cholembedwa pa disiki imodzi chinkalembedwanso pa inzake. Bokosi latsopano ndi la kampani ina ndipo lili ndi malo a madisiki anayi. M'malo awiri muli kale madisiki atsopano amene akugwira ntchito, ndipo malo awiri enawo ali opanda kanthu. Ntchito imene ndayamba lero ili ndi mbali ziwiri: kupulumutsa mafayilo amene anatsalira m'madisiki akalewo, amene ndi pafupifupi 2 TB, kenako kuona ngati imodzi mwa madisikiwo ingapitirize kugwira ntchito m'bokosi latsopano.

Ndisanachite china chilichonse ndamata kapepala pa disiki iliyonse n'kulembapo malo amene inali m'bokosi lakale komanso zilembo zinayi zomaliza za serial number yake. Madisiki awiriwa ndi ofanana ngati mapasa, ndipo akangogonekedwa patebulo limodzi palibe angawasiyanitse ndi maso. M'zolemba izi ya malo oyamba ndiziitchula kuti disiki A, ya malo achiwiri disiki B.

Madzulo ndachita chinthu chimene sindiyenera kudzabwerezanso. Ndinamangirira disiki A pa thireyi n'kuilowetsa m'malo achitatu a bokosi latsopano, ndikuganiza kuti mafoda anga aonekera okha monga zimachitikira munthu akalowetsa fulashi pa kompyuta. Chimene chinabwera ndi uthenga wonena kuti disikiyo iyenera kukonzedwa kaye isanayambe ntchito, ndipo m'munsi mwake, ndi zilembo zing'onozing'ono, munali chenjezo lakuti zonse zimene zilimo zifufutidwa. Chala chinali chitafika kale pa batani lovomera pamene maso anagwera pa mzere umenewo. Ndinakana, ndinathimitsa bokosilo, n'kuitulutsa disikiyo mtima ukugunda.

Chifukwa chake ndachimvetsa nditakhala pansi. Disiki yochokera mu NAS si thumba chabe la mafayilo. Imatuluka itanyamula zizindikiro zonse za nyumba imene inkakhala. Poyamba pali tebulo la zigawo, lotchedwa GPT, ndiyeno tizigawo ting'onoting'ono momwe mumakhala pulogalamu yoyendetsa bokosilo, kenako chigawo chachikulu cha mafayilo. Pa chigawo chachikulucho pali kachikalata kotchedwa superblock kamene kamanena kuti disikiyi ndi ya gulu liti la RAID ndipo inzake ndi iti, pamwamba pake kawirikawiri pamakhala LVM, pulogalamu yogawa malowo, ndipo pamwamba penipeni ndi pamene pali ext4 kapena Btrfs imene imasunga mafayilowo. Makampani monga Synology ndi QNAP onse amamanga pa Linux ndipo amagwiritsa ntchito mdadm, pulogalamu yoyendetsa RAID, koma aliyense amayala zigawo zake mwa njira yakeyake, ndipo bokosi limazindikira kayalidwe ka kwawo kokha. Kusamutsa madisiki pakati pa mabokosi a kampani imodzi kumatheka mafayilo ali momwemo, malinga ngati munthu watsatira malangizo a kampaniyo. Koma disiki ikachokera kwina imalandiridwa ngati mlendo wosadziwika, ndipo njira yokha imene bokosi limapereka ndi kuifufuta.

Tsiku lachiwiri

Lero ndawerenga madisikiwo pa kompyuta ya Linux. Poyamba ndinagwiritsa ntchito kabokosi ka USB kamene ndakhala nako zaka zambiri, koma kompyuta inaonetsa disiki yopanda zigawo zomveka, ngati kuti zonse zasokonekera. Ndisanade nkhawa ndinaona kuti kabokosiko kakuuza kompyuta kuti sector iliyonse, kachidutswa kakang'ono kwambiri kamene disiki imawerenga kapena kulemba, ndi ya mabayiti 4096, pamene tebulo la zigawo linalembedwa powerengera ma sector a mabayiti 512. Timabokosi tina takale timachita zimenezi kuti madisiki opitirira 2 TB azitha kugwira pa makompyuta akale, ndipo zotsatira zake n'zakuti kompyuta imakafuna tebulolo pamalo pamene palibe. Nditatsegula kompyuta yapatebulo n'kulumikiza disikiyo mwachindunji ndi chingwe cha SATA, zigawo zonse zinaoneka bwinobwino. Ndikanakhulupirira zimene kabokosiko kanaonetsa n'kuyamba kukonza tebulo limene silinawonongeke, ndikanaliwononga ndi manja anga.

Pa ntchito yonseyi ndasankha kusatchula disiki ndi mayina monga sdb kapena sdc, chifukwa zilembo zimenezo zimasintha kompyuta ikayatsidwanso kapena chingwe chikasinthidwa. Ndikugwiritsa ntchito mayina a mu /dev/disk/by-id, amene amakhala ndi serial number, ndipo lamulo lililonse ndisanalipereke ndikuyerekeza kaye ndi kapepala kamene ndinamata dzulo.

Chimene chandisautsa kwambiri lero chatuluka pa lamulo la mdadm --examine. Lamuloli limaonetsa zolembedwa mu superblock, ndipo mwa zina muli mzere wotchedwa Events ndi wina wotchedwa Update Time. Madisiki a gulu limodzi akamayenda pamodzi, nambala ya Events imakhala yofanana pa onse. Pa madisiki anga sinali yofanana: ya disiki A inali yaikulu kutalitali, ndipo tsiku lomaliza kulembedwa linali tsiku limene bokosi linafa, pamene disiki B inasiya kulembedwa miyezi ingapo m'mbuyomo. Tanthauzo lake n'lakuti bokosi lakale linaichotsa disiki B m'gululo kalekale, ndipo miyezi yonseyo mafayilo anga anali pa disiki imodzi yokha ine ndikugona tulo poganiza kuti ali pawiri. Bokosilo liyenera kuti linayatsa kanyali kochenjeza, koma linkakhala pamalo pamene sindinkayang'ana, ndipo sindinalikonze kuti lizinditumizira uthenga pakachitika vuto. Kulakwa kumeneko ndi kwanga. Ndikadatenga disiki B kukhala yokoperako, ndikadapeza mafoda ooneka athunthu koma osowa ntchito ya miyezi ingapo, ndipo mwina sindikadazindikira mpaka tsiku lofuna fayilo imene kulibe.

Ndasonkhanitsa gululo ndi disiki A yokha, pogwiritsa ntchito mdadm --assemble pamodzi ndi --readonly kuti pasalembedwe kanthu, komanso --run chifukwa popanda mawu amenewo mdadm imazengereza kuyambitsa gulu loperewera. Kenako ndadzutsa LVM ndi vgchange -ay, n'kutsegula chigawo cha mafayilo mowerenga chabe. Mafoda onse aoneka. Ndatsegula zithunzi zingapo ndi zikalata za mwezi watha kuti nditsimikize, ndipo zonse zatseguka.

Tsiku lachitatu ndi lachinayi

Kukopera ndachita ndi rsync kudzera pa netiweki ya gigabit, imene ikathamanga kwambiri imanyamula pafupifupi 110 MB pa sekondi. Powerengera, 2 TB inayenera kutha m'maola asanu, koma mafayilo ang'onoang'ono amachedwetsa kwambiri, choncho ntchitoyo yadya usiku wonse. Ndasiya dala mafoda obisika amene bokosi lakale linkadzipangira lokha, momwe munali tizithunzi ting'onoting'ono ndi zinyalala zofufutidwa kale, popeza bokosi latsopano lidzapanga ake.

Itatha ndayendetsanso rsync kachiwiri ndi --checksum pamodzi ndi --dry-run, kuti iwerenge fayilo iliyonse mbali zonse ziwiri ndi kundiuza ngati pali yosiyana, osasintha kanthu. Sinatulutse dzina la fayilo ngakhale imodzi. Ndakoperanso zonse pa disiki ina yakunja imene sikhala yolumikizidwa ku bokosilo, chifukwa sindikufuna kufufuta disiki A pamene mafayilo ali pamalo amodzi okha, ngakhale malowo akhale RAID 1 yatsopano. Zimene ndapeza dzana zandikwanira.

Vuto laling'ono linali la umwini wa mafayilo. Linux imadziwa mwini fayilo ndi nambala osati dzina, ndipo nambala za anthu m'bokosi lakale sizikugwirizana ndi za m'bokosi latsopano, moti mafoda ena anakana kutseguka. Ndakonza poikanso zilolezo kuchokera pa tsamba loyendetsera bokosi latsopano, foda ndi foda.

Tsiku lachisanu

Mafayilo ali pabwino tsopano, ndipo funso latsala ndi la disikiyo. Ndafunsa madisiki onse awiri za thanzi lawo ndi smartctl -a, lamulo la mu smartmontools limene limawerenga zimene disiki imadzilembera yokha, zotchedwa SMART. Onse awiri pamwamba analemba kuti PASSED, ngakhale disiki B imene inachotsedwa m'gulu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mawu amenewo amangotanthauza kuti palibe nambala imene yadutsa malire oikidwa ndi opanga, ndipo malirewo amakhala kutali kwambiri. Zoona zake zili m'mizere ya m'munsi, pa danga lomaliza la nambala zenizeni.

Mizere imene ndaiyang'anitsitsa ndi isanu. Mzere 5 umawerenga ma sector amene anawonongeka n'kulowedwa m'malo ndi ena osungidwa padera; mzere 197 umawerenga amene akukanika kuwerengeka ndipo akudikira chigamulo; mzere 198 ndi wa amene analephereratu; mzere 199 umawerenga zolakwika zochitika pa chingwe pakati pa disiki ndi bolodi; ndipo mzere 9 ndi maola amene disiki yakhala ikuyaka. Pa disiki B mzere 197 unali ndi nambala ya makumi angapo ndipo mzere 5 sunalinso pa ziro, choncho nkhani yake yathera pomwepo: sidzalowa m'bokosi lililonse. Pa disiki A mizere 5, 197 ndi 198 yonse ili pa ziro. Mzere 199 uli ndi nambala yaing'ono, koma umenewu kawirikawiri umaloza chingwe kapena polumikizira osati mbale za m'kati, ndipo nambala yake sibwerera pa ziro ngakhale vutolo litatha. Chofunika ndi chakuti isakwere. Maola ake ndi opitirira pang'ono 27,000, ndipo popeza chaka chili ndi maola 8,760, disikiyi yazungulira zaka zitatu ndi milungu ingapo. Si yatsopano, koma sinakalambe.

Ndafufuzanso kalembedwe kake, chifukwa pano ndi pamene ambiri anapunthwa. Madisiki ena amalemba mwa njira yotchedwa SMR, momwe mizere imasanjikizana pang'ono kuti ikwane yambiri pa mbale imodzi, moti kulemba mzere umodzi kumakakamiza disiki kulembanso oyandikana nawo. Pa ntchito yopepuka sizioneka, koma pa kulemba kwa maola ambiri osalekeza, monga pomanganso RAID, disiki yotere imatha kuchedwa kwambiri mpaka bokosi kuiyesa yakufa. Nkhaniyi inatchuka mu 2020 zitadziwika kuti ena mwa madisiki a WD Red a pakati pa 2 TB ndi 6 TB anali a SMR, ndipo chaka chomwecho Western Digital inayambitsa dzina la WD Red Plus la madisiki olemba mwa njira yakale ya CMR. Kunja kwa disiki nthawi zambiri sikulembedwa SMR kapena CMR, choncho munthu ayenera kutenga nambala ya mtundu wa disikiyo n'kuiyerekeza ndi chikalata cha opanga. Yanga ndi ya CMR, ndipo ilinso pa mndandanda wa madisiki amene opanga bokosi latsopano anawayesa.

Usiku ndayambitsa smartctl -t long, mayeso amene disiki imadziwerenga yokha kuyambira sector yoyamba mpaka yomaliza. Atenga maola pafupifupi asanu ndi anayi ndipo atha popanda cholakwika.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi mpaka lachisanu ndi chinayi

Mayeso a dzulo anali owerenga chabe. Ndinkafuna kudziwanso ngati malo aliwonse a disikiyi akulandirabe zolembedwa ndi kuzibweza momwe zinalembedwera, ndipo pa zimenezi ndagwiritsa ntchito badblocks -wsv. Lamuloli limafufuta zonse, n'chifukwa chake ndalisungira mpaka lero. Ndisanalipereke ndatulutsa disiki B m'kompyutamo, ndachotsa chingwe cha disiki yakunja ija, ndipo ndawerenga serial number katatu.

Poyamba linakana, likunena kuti disikiyo ikugwiritsidwa ntchito. Linux inali itasonkhanitsa yokha magulu a RAID poyaka, kuphatikizapo tizigawo ting'onoting'ono tija, ndipo mu /proc/mdstat munali mayina monga md127 ndi md126 amene ine sindinawapange. Ndagoneka LVM ndi vgchange -an, ndaimitsa gulu lililonse ndi mdadm --stop, ndipo pamenepo badblocks inavomera. Ndawonjezera -b 4096 chifukwa ma sector enieni a disikiyi ndi a kukula kumeneko; pa madisiki a 6 TB kapena kupitirira mawu amenewa ndi okakamiza, popeza popanda iwo chiwerengero cha zidutswa chimaposa chimene pulogalamuyi ingathe kusunga.

Mayesowa amalemba disiki yonse kanayi, ndi 0xaa, 0x55, 0xff ndi 0x00, ndipo akalemba ulendo uliwonse amawerenganso, moti onse pamodzi ndi maulendo asanu ndi atatu. Atenga masiku atatu osapuma. Ndaona kuti ulendo uliwonse umayamba mothamanga n'kumachedwa pang'onopang'ono mpaka liwiro kutsika pafupifupi theka, ndipo zimenezi si matenda: disiki imayamba ndi mizere yakunja ya mbale, imene ndi yaitali, n'kumalowa m'kati momwe mzere uliwonse umanyamula zochepa pa kuzungulira kumodzi. Tsiku loyamba la mayesowa kutentha kunafika madigiri 46 chifukwa disikiyo inali pamalo opanda mphepo. Nditaikira kafani pambali kunatsika kufika pa 36 ndipo kunakhala pomwepo.

Pali njira yachidule imene ndikadatsata ndikadakhala wopanda nthawi, ndipo ndiilembe pano chifukwa ili ndi msampha wake. Munthu angathe kungofufuta zizindikiro zokha ndi mdadm --zero-superblock ndi wipefs -a, ntchito ya masekondi ochepa. Koma ayenera kuyamba ndi chigawo chilichonse payekha kenako n'kumaliza ndi disiki yonse. Akayamba ndi kufufuta tebulo la zigawo, superblock yakale imatsala pamalo pake, amene pa superblock ya mtundu wa 1.2 ali mabayiti 4096 kuchokera poyambira chigawo, ndipo tsiku limene chigawo chatsopano chidzayambire pamalo omwewo, gulu lakale lidzadzuka ngati kuti silinafufutidwe. GPT nayonso imasunga kope lachiwiri kumapeto kwa disiki, moti kulemba maziro koyambirira kokha sikukwanira. Njira yaitali imene ndatsata yathetsa zonsezi pakamodzi, popeza ulendo womaliza wasiya maziro kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Ena amati masiku atatu ndi ochuluka pa disiki imene SMART yanena kale kuti ili bwino. Ine ndikuona kuti disiki imene ingafe chifukwa cholembedwa masiku atatu ndi bwino ifere patebulo ilibe kanthu.

Mayeso atha ndi ziro pa zolakwika za mitundu yonse itatu: za powerenga, za polemba ndi za poyerekeza. Nditawerenganso SMART, mizere 5, 197 ndi 198 ikadali pa ziro, ndipo mzere 199 sunasunthe.

Tsiku lakhumi

Ndamangiriranso disiki A pa thireyi n'kuilowetsa m'malo achitatu. Uthenga womwe uja wabweranso, wonena kuti zonse zifufutidwa, ndipo lero ndavomera mtima uli m'malo. Bokosi likuonetsa kukula kwa 3.64, osati 4, chifukwa opanga madisiki amawerenga ndi 1000 pamene bokosi limawerenga ndi 1024. Mabayiti ake ndi omwewo, 4,000,787,030,016, ofanana ndendende ndi a madisiki atsopano aja. Kufanana kumeneku ndi kofunika, popeza disiki yolowa m'gulu la RAID siyenera kuchepera anzake ngakhale ndi sector imodzi.

Ndakhala nthawi yaitali ndikulingalira za ntchito yoti ndiipatse. Njira yokopa kwambiri inali yosintha RAID 1 kukhala RAID 5 ya madisiki atatu, zimene zikanakweza malo kuchoka pa 4 TB kufika pa 8 TB. Koma kusinthako kumayendetsa madisiki onse atatu kwa maola ochuluka, ndipo kukatha, tsogolo la mafayilo onse limamangidwa pamodzi ndi disiki ya zaka zitatu: ikafa, awiri otsalawo ayenera kuwerengedwa onse athunthu popanda cholakwika kuti gulu limangidwenso. Malo owonjezerawo sindikuwasowa panopa, choncho sindikuona chifukwa chogulira chiopsezo chimenecho. Njira ina inali yoisiya ngati yodikirira, yoti idzalowe yokha imodzi ikafa, koma sindinakonde kuti disiki yakale kwambiri m'bokosimo ndiyo ikhale yodaliridwa pa tsiku loipa.

Ndasankha kuiika payokha. Isunga zinthu zimene zitatayika ndingathe kuzipezanso, komanso kope la usiku uliwonse la foda ya zikalata, lothandiza munthu akafufuta fayilo mwangozi. Sindikulitenga kope limeneli ngati chitetezo chenicheni, chifukwa likukhala m'bokosi lomwelo ndipo likudya magetsi omwewo. Chitetezo chikadali pa disiki yakunja ija. Ndaikonza ndi Btrfs, imene imasunga nambala yotsimikizira pa chidutswa chilichonse cholembedwa. Pa disiki imodzi singathe kukonza fayilo yowonongeka popeza ilibe kwina kotengako, koma imatha kunena kuti yawonongeka, ndipo pa disiki yokalamba chenjezo limenelo ndilo ndikulifuna.

Tsiku lakhumi ndi chimodzi

Lero ndakonza chimene ndinachinyalanyaza m'bokosi lakale. Bokosi latsopano tsopano lizitumiza imelo disiki ikachotsedwa m'gulu, ikatentha kwambiri kapena nambala za SMART zikasintha, ndipo ndatumiza uthenga woyesera n'kuuona utafika pa foni. Ndaika mayeso aafupi a SMART sabata iliyonse ndi aatali mwezi uliwonse, pa masiku osiyana kwa disiki iliyonse kuti asamalemere pamodzi. Bokosilo ndalichotsanso pakona n'kuliika pamene timanyali take timaoneka ndikakhala pa desiki.

Disiki B ikadali ndi mafayilo anga akale, choncho singatuluke m'nyumba momwe ilili. Ndayamba kuilemba maziro yonse. Ikakanika pa malo owonongeka aja, ndidzaitsegula n'kuwononga mbale zake ndisanaipereke kumene amalandira zinyalala za zipangizo zamagetsi.

Usiku wapitawu kope loyamba la foda ya zikalata lalembedwa pa disiki A popanda vuto, ndipo kutentha kwake m'bokosi kuli madigiri 35, digiri imodzi pamwamba pa anzake. Nambala za lero za mizere 5, 9, 197, 198 ndi 199 ndazilemba pa kapepala kamene ndamata m'mbali mwa bokosi. Ndidzaziwerenganso pakatha masiku 30, mayeso aatali oyamba akadzachitika, ndipo mzere 5 kapena 197 ukadzachoka pa ziro ndidzaitulutsa tsiku lomwelo.